Ampu ya besi: dzina la pabokosi, mawati ndi mawu ofika kumbuyo kwa tchalitchi

Komiti ya zoyimbayimba kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Luchenza, inasonkha ndalama miyezi isanu ndi umodzi kuti igule ampu ya besi, bokosi lokweza mawu a gitala ya besi. Tsiku limene katunduyo anafika kuchokera ku Limbe, mkulu wina wa mpingo anandikodola nditangotsika pa kabaza. "Achimwene, tabwerani mudzaone. Tapeza ya mawati 2000, komanso yotchipa kuposa ija munkanena ya 200." Bokosi linali lalikulu ndithu, lonyezimira, kutsogolo kuli timagetsi tabuluu. Ndinalinyamula ndi dzanja limodzi osamva kulemera. Lamlungu lake, wang'oma atangoyamba kumenya zenizeni, besi inasowa. Nditakweza voliyumu, nsambo ya E inayamba kulira ngati munthu wosasa mawu, pepala la sipika likungoti phaphapha. Potuluka, amayi ena amene amakhala benchi yakumbuyo anandifunsa ngati ndinayimba n'komwe, chifukwa iwo anangomva malata akunjenjemera.

Akuluakuluwo sindiwadzudzula. Ndalama zinali za anthu, ndipo anaona nambala yaikulu pa mtengo wochepa. Koma kuyambira tsiku limenelo, anyamata a makwaya ndi mabandi a maukwati a ku Thyolo ndi Mulanje akandifunsa kuti pakati pa Ampeg, Fender, Hartke ndi Peavey yabwino ndi iti, ndimayamba ndawafunsa ine: muziyimbira kuti, wang'oma wanu amamenya bwanji, magetsi ake ndi ochokera kuti, nanga ikafa adzakonza ndani? Dzina la kampani limakuuza mtundu wa mawu amene ampuyo imakonda kutulutsa, ndipo kusiyana kwake n'kwenikweni. Koma choti besi ikafike benchi yomaliza chimachokera pa kuchuluka kwa mpweya umene masipika akukankha.

Nsambo yaikulu ya besi ya nsambo zinayi, ya E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi. Ya B pa besi ya nsambo zisanu, imene oyimba nyimbo zauzimu ambiri aikonda masiku ano, imatsika kufika pafupifupi ka 31. Nsambo yaikulu ya gitala wamba ili pa 82. Khutu la munthu silimva bwino mawu apansi chonchi, ndiye kuti amveke molingana ndi gitala kapena kiyibodi pamafunika mphamvu yochuluka, ndipo pepala la sipika liyenera kuyenda mtunda wautali kutsogolo ndi kumbuyo. Amene anaonerapo tchopa ku Chonde akudziwa kale zimenezi: ng'oma yaikulu ija ndiyo imagunda pachifuwa, ting'onoting'ono timangolira m'khutu. Ngakhale babatoni, besi yathu ya nsambo imodzi, amaipangira chimimba chachikulu chokutidwa ndi chikopa pa chifukwa chomwecho. Ampu ya gitala ya mawati 30 ikhoza kudzaza holo, pomwe ya besi ya mawati 30 ndi yophunzirira kuchipinda. N'chifukwa chakenso kulowetsa besi mu ampu ya gitala, makamaka ija yotsegula kumbuyo, kumang'amba sipika msanga.

Mawati ndiwo amapusitsa anthu ambiri. Nambala yodalirika ndi ija amalemba RMS, kutanthauza mphamvu imene ampu ingatulutse mosalekeza. Pali ina amalemba peak kapena PMPO, yomwe ndi mphamvu ya kamphindi kochepa zedi, ndipo PMPO ilibe muyezo umodzi umene makampani onse amatsatira, aliyense amangolemba yomukomera. Tembenuzani ampu muone kumbuyo, pafupi ndi polowera waya wa magetsi, pamene alemba mphamvu imene imakoka. Yathu ya 2000 ija inalembedwa 90. Pa maampu amakono nambala yakumbuyoyi imatha kucheperapo poyerekeza ndi ya RMS, chifukwa amayeza ampu ikuyimba mwachizolowezi osati itakwezedwa mpaka kumapeto, koma 90 ndi 2000 sizingakhale za chinthu chimodzi.

Komanso mawati sawonjezera phokoso mmene timaganizira. Kuchoka pa 100 kupita pa 200 kumawonjezera ma decibel (muyezo wa kukwera kwa phokoso) atatu okha, kusintha koti khutu limangozindikira pang'ono. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika mawati ochuluka kakhumi. Ndiye kukangana kuti pakati pa ya 300 ndi ya 350 yamphamvu ndi iti n'kutaya malovu. Ubwino wa mawati ambiri ndi wakuti ampu simagwira ntchito mobanika. Ya 300 ikamayenda theka la mphamvu zake mawu amatuluka oyera, pomwe ya 100 yokwezedwa mpaka kumapeto imasasa, imatenthetsa koyilo ya sipika, mwina mpaka kupsa.

Kusiyana kwakukulu kuli pa masipika. Sipika iliyonse ili ndi nambala yosonyeza phokoso limene imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, woyeza ataima mita imodzi kutsogolo kwake. Ina imapereka ma decibel 96, ina 99. Atatu amenewo n'chimodzimodzi kuwirikiza mawati, moti bokosi la 99 pa ampu ya 150 limalingana ndi la 96 pa ampu ya 300. Kukula kwa mapepala nakonso kumawerengedwa. Sipika imodzi ya mainchesi 15 ili ndi pepala lokulirapo pang'ono kuposa awiri a mainchesi 10 ophatikiza, koma anayi a mainchesi 10 amaiposa kutali. Kuno anthu amakhulupirira kuti besi ndi 15 kapena 18 basi, kuti ma 10 ndi a mawu opyapyala. Bokosi la besi lotchuka kwambiri pa masiteji akuluakulu, la Ampeg, lili ndi masipika asanu ndi atatu, onse a mainchesi 10. Kuzama kwa mawu kumadalira kwambiri kukula kwa bokosi ndi mmene alipangira, kaya ndi lotseka kapena lili ndi bowo lotulukira mpweya lomwe analiyeza mogwirizana ndi sipikayo.

Ma ohm, nambala yosonyeza mmene sipika imatsekerezera magetsi ochokera mu ampu, musawanyalanyaze, chifukwa apa ndi pamene maampu ambiri amafera. Ambiri amatulutsa mphamvu yawo yonse pa ma ohm 4. Fender Rumble 500 imapereka mawati 350 pa masipika ake amkati a ma ohm 8, ndipo 500 ya pa dzinayo imakwana mukalumikiza bokosi lina la ma ohm 8. Markbass Little Mark III ndi 500 pa ma ohm 4, koma 300 pa 8. Mabokosi awiri a 8 akalumikizidwa mwachizolowezi amakhala 4, ndipo zonse zili bwino. Awiri a 4 amatsika kufika 2, ndipo ampu imene sinapangidwire ma ohm 2 imatentha, kuzima yokha, kapena kupseratu. Pa ukwati pamakhala chizolowezi choti aliyense wabwera ndi bokosi alilumikize kuti zimveke mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ndaonapo ampu ikufuka utsi nthawi ya perekaniperekani chifukwa cha zimenezi, akwati ali chiimire.

Za mayina tiyambe ndi Ampeg, popeza mawu amene ambiri amati ndi besi yeniyeni anachokera kumeneko. Kampaniyi inayamba mu 1946 ku America, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa anali Everett Hull, woyimba besi yaikulu yoimika ija. Dzinalo linachokera pa kachitsulo koimikira besiyo pansi, komwe anaikamo chotolera mawu. Mu 1960 anatulutsa B-15, kaampu ka mawati 25 mpaka 30 kopangidwa ndi Jess Oliver, komwe kanakhazikika m'masitudiyo, ndipo James Jamerson, woyimba besi wa kampani yojambula nyimbo ya Motown, ankakagwiritsa ntchito. Mu 1969 kunabwera SVT, ya mawati 300 ochokera mu ma valve asanu ndi limodzi aakulu, timababu tagalasi totentha tija tinali m'mawayilesi akale. Mawu a Ampeg ndi onenepa, ofunda, okhala ndi kakubangula kapansipansi pakati, ndipo ukaikankha imasasa mokoma osabaya m'khutu. Pa reggae, komanso pa nyimbo zopembedza zapang'onopang'ono zimene besi imagwira noti imodzi nthawi yaitali, kwa ine palibe yoiposa.

Koma SVT si ya kuno, ngakhale mutaipeza. Mutu wokha, chigawo chokweza mawu chimene chimakhala pamwamba pa bokosi la masipika, umalemera makilogalamu oposa 35, bokosi lake oposa 60, ndiye zonse pamodzi ndi matumba awiri a chimanga. Ma valve amatha, amasinthidwa onse pamodzi ofananafanana, ndipo ndi oyitanitsa kunja. Sakondanso kugwedezeka m'misewu ya m'minda ya tiyi. Mnyamata wothandiza kulumikiza akaiyatsa n'kuyimba bokosi asanalumikize, thiransifoma yotulutsira mawu ikhoza kupsa, ndipo imeneyo ndi mtima wa ampu. Ampeg inagulidwa ndi Yamaha mu 2018, ndipo mu 2021 inatulutsa Rocket Bass, maampu opepuka opanda ma valve, mutu ndi sipika m'bokosi limodzi. RB-115 ndi ya mawati 200 ndi sipika ya mainchesi 15. Kafungo ka Ampeg kamamvekamo ndithu, ngakhale kuti kugunda kwa SVT sikufikako. Ma BA akale, monga BA-115, amapezeka kwa anthu ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ndi abwino pa tchalitchi chapakatikati.

Fender ndiyo inatchukitsa besi yamagetsi ndi Precision Bass mu 1951, n'kutulutsa ampu yake ya Bassman mu 1952. Bassman ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 inakondedwa kwambiri ndi oyimba gitala kuposa a besi, moti ampu yoyamba ya Marshall, JTM45 ya 1962, anaipanga potengera iyo. Masiku ano dzina la Fender pa besi ndi Rumble, makamaka mtundu umene unatuluka mu 2014. Rumble 100 ili ndi sipika ya mainchesi 12 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 10, yoti umaikumbatira pa kabaza kuchokera ku Chitakale kupita ku Likhubula osavutika. Mawu ake ndi obulungira, osavuta kuwapeza: ngakhale wophunzira akasiya mabatani onse pakati, zimamveka bwino. Ili ndi timabatani titatu, Bright, Contour ndi Vintage, ndipo Vintage kamachotsa kuthwa n'kuika kufunda kofanana ndi maampu akale. Kuyambira Rumble 40 kupita kumtunda, kumbuyo kuli potulukira pa XLR potumizira besi ku mikisa, chida chosakanizira mawu a oyimba onse. Pofooka pake ndi poti ya 100 yokha, popanda masipika ena oithandiza, imamira ikakumana ndi wang'oma wa dzanja lolemera. Bandi yathunthu iyambire pa 200 kapena 500.

Peavey ndimaipatsa ulemu wapadera, ndipo ndikudziwa kuti anyamata oonera YouTube amaiona ngati ya agogo. Hartley Peavey anayambitsa kampaniyi mu 1965 ku Meridian, m'chigawo cha Mississippi, ndipo ankapangira oyimba wamba a m'matchalitchi ndi m'mabala omwe analibe ndalama zambiri. Ma TNT ndi ma TKO ake, a sipika imodzi ya mainchesi 15, anapangidwa ochuluka zedi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo ambiri akuyimbabe. Mawu ake alibe zokometsera. Ndi olunjika, amphamvu pakati, ndipo pakatipo ndi pamene pamachititsa kuti besi imveke m'gulu la anthu oyimba mokweza. Ambiri ali ndi chotetezera chotchedwa DDT, chimene chimagwira mawu akafuna kupitirira mphamvu ya ampu kuti asasase n'kuotcha sipika. Pa tchalitchi chimene aliyense amagwira mabatani, kuyambira wakwaya mpaka wa Sande sukulu, kachinthu kameneka kamapulumutsa ndalama zambiri. Masipika ake a Black Widow anawapanga moti maginito amamasulidwa ndi mabawuti, n'kusintha mbali ya pepala ndi koyilo yokha. Chachikulu n'chakuti mkati mwa maampu akalewa zipangizo ndi zazikuluzikulu, zotalikirana, zoti mmisiri wokonza mawayilesi pa Luchenza kapena ku Limbe amaziona ndi maso n'kuzisintha chimodzichimodzi. Mtengo wake umalipira ndi msana, chifukwa ndi olemera kwabasi.

Hartke imadziwika ndi mapepala a sipika a aluminiyamu, onyezimira ngati mbale. Bokosi loyambirira la besi la mtundu umenewu Larry Hartke anapangira katswiri wa besi Jaco Pastorius chapakati pa zaka za m'ma 1980. Mawu ake ndi owala, ofulumira, noti iliyonse imamveka payokha. Oyimba omenya nsambo ndi chala chachikulu n'kuzikoka, mmene zimakhalira m'nyimbo zachitamando zothamanga, amaikonda pa chifukwa chimenechi. Komatu imaulula zonse: chala chikakhudza nsambo yolakwika, mpingo wonse umva. Mutu wake wotchuka, HA3500, ndi wa mawati 350 pa ma ohm 4, uli ndi timipata khumi tosinthira mawu, komanso njira ziwiri zolowera mawu, ya valve ndi ya matiranzisita, zomwe umazisakaniza mmene ukufunira. Aluminiyamu samwa chinyezi ngati pepala, zomwe ndi zothandiza kuno, koma akabonyoka kapena kung'aluka kumukonza n'kovuta. Mtundu wa HyDrive unasakaniza pepala kunja ndi aluminiyamu mkati kuti kuthwako kuchepe.

Gallien-Krueger, imene Robert Gallien anaiyambitsa ku California mu 1968, inatchuka ndi 800RB ya 1982. Mawu ake ndi akuthwa, olumaluma, obowola pakati pa magitala aphokoso. Ngati bandi yanu ili ndi magitala awiri ndi makiyibodi awiri onse olimbirana malo, imeneyi imakupezerani njira. Markbass ndi ya ku Italy, inayamba mu 2001 ndi Marco De Virgiliis, ndipo mumaizindikira ndi masipika achikasu. Inatchuka chifukwa cha kupepuka: mutu wa Little Mark sufika makilogalamu atatu, umalowa m'chikwama cha kumsana, ndipo masipika ake ambiri ali ndi maginito a neodymium, ang'onoang'ono koma amphamvu. Mawu ake ndi oyera, ofunda pang'ono, ndipo amaonetsa gitala yanu mmene ilili. Besi yotchipa ya nsambo zadzimbiri imamveka yotchipa ndi yadzimbiri. Ndi ampu ya munthu amene besi ikumudyetsa, woyenda Blantyre, Lilongwe, kunyanja sabata ndi sabata. Kwa kwaya ya kumudzi, ndalama imeneyo ingagule ampu yokwanira, mikisa ndi maikolofoni.

Za ku Britain zili ndi mwayi umodzi: magetsi awo ndi mapulagi awo a mano atatu ndi ofanana ndi athu. Laney, yoyamba mu 1967, ili ndi ma Richter omwe ndi apakatikati pa mtengo ndi pa mawu, osadabwitsa koma ogwira ntchito. Ashdown anaiyambitsa mu 1997 ndi Mark Gooday, yemwe kale anali ku Trace Elliot, ndipo mawu ake ndi okhuthala, akuda, oyandikira kwa Ampeg, kutsogolo kuli kamita koyendayenda. Trace Elliot yobiriwira ija ili m'manja mwa Peavey kuyambira 2005. Kupatula za ku Britain, Behringer, ya Uli Behringer kuyambira 1989, ndiyo imafika msanga m'thumba la ambiri, ndipo yathandiza makwaya ochuluka kuyamba. Ingoonetsetsani ngati mawati olembedwawo ndi a RMS, ndipo musaigwiritse ntchito pamapeto penipeni pa mphamvu zake. TC Electronic ili m'gulu limodzi ndi Behringer kuyambira 2015. Aguilar, Darkglass ndi Orange ndi zabwino, koma ndi za bajeti ina.

Tsopano za kwathu kuno, zimene mabuku a makampaniwa salemba. Mulanje ndi Thyolo ndi malo a mvula yambiri, ndiye tiyi amakondwa, koma zamagetsi zimavutika. M'miyezi ya chiperoni chinyezi chimalowa paliponse. Ampu yosiyidwa pasimenti m'chipinda cha kuseri kwa guwa kuyambira Lamlungu mpaka Lamlungu imayamba kukhwekhwereza ukapotokola batani, polowera jaki pamachita dzimbiri, ndipo bokosi la matabwa a utuchi wopanikiza limafufuma m'makona mpaka masikuluwu kusiya kugwira. Bokosi la pulayiwudi limapirira kwambiri. Ikani ampu pa benchi, ifunditseni nsalu osati pulasitiki yomwe imasunga thukuta, ndipo muziiyatsako pakati pa sabata kuti itenthe pang'ono. Bowo lotulukira mpweya ndi khomo la makoswe ndi mphemvu, muziyang'anamo.

Magetsi athu ndi a ma volt 230. A ku America ndi 120. M'bale akakutumizirani ampu kuchokera kumeneko, werengani kumbuyo musanalowetse pulagi, chifukwa ngati ilibe posinthira ndipo sinalembedwe kuti imalandira 100 mpaka 240, idzafa pa sekondi yoyamba. Zochokera ku Joni zili bwino, mungosintha pulagi. Jenereta ndi mdani wina. Yaing'ono yotchipa ija mphamvu yake imakwera ndi kutsika, makamaka wina akalumikizapo firiji ya zakumwa pa waya womwewo. Lizani jenereta, idikireni ikhazikike, ampu muyatse pomaliza, ndipo pozimitsa muyambe ndi ampu. Ndalama ya sitabilaiza muiwerengere pa mtengo wa ampu kuyambira pachiyambi. Apa maampu akale a thiransifoma yolemera ndi amakono opepuka a Class D amasiyana kwambiri. Amakono satentha kwambiri, sadya magetsi ambiri, koma bolodi yawo ili ndi tizipangizo ting'onoting'ono ngati mchenga, ndipo ikapsa kawirikawiri pamafunika bolodi yonse yatsopano. Akale amalemera, koma amakonzeka. Chinthu chimodzi ndimachinena mokalipa: musathyole dzino la earth, lalitali lija, pa pulagi pofuna kuthetsa kulira kwa "hmmm". Dzino limenelo ndi limene limateteza munthu wogwira nsambo zachitsulo milomo ili pa maikolofoni. Maampu ambiri okhala ndi XLR ali ndi kabatani ka ground lift kothetsera phokoso limenelo popanda kuika moyo pachiswe.

Potulukira pa XLR pamasintha masamu onse. Ngati tchalitchi kapena wobwereketsa zida ali ndi mikisa ndi masipika akuluakulu a besi, ampu yanu ntchito yake ndi yoti inuyo ndi wang'oma mudzimve pasiteji, ndipo mawati 100 akwana. Ngati palibe zimenezo, ampu yanu ndiyo ikunyamula nyumba yonse, ndiye funani 200 mpaka 350 a RMS ndi sipika ya 15 kapena awiri a 10. Panja, monga pa msonkhano wachitsitsimutso pa bwalo la sukulu, palibe makoma obweza mawu, ndipo pamafunika 500 ndi bokosi la masipika anayi, apo ayi besi idutse ku mikisa. Wophunzira kunyumba 25 kapena 40 yamukwanira.

Nyumba nayo ndi mbali ya ampu. Matchalitchi athu ambiri ndi a simenti pansi, njerwa m'mbali, malata opanda siling'i pamwamba. Ukaika ampu pakona, mawu apansi amachuluka n'kukhala chiphokoso chongoti wuuu, chopanda noti. Woyimba akalephera kudzimva amakweza batani la Bass, ndipo zimaipiraipira. Chitani zosiyana: tsitsani Bass pang'ono, kwezani Low Mid, chotsani ampu pakona, muikweze pa mpando kapena muipendeketse iloze kumutu kwanu. Mabatani onga Contour pa Fender ndi Gallien-Krueger, kapena VPF pa Markbass, amachotsa mawu apakati. Uli wekha m'chipinda zimakoma, koma kwaya ikayamba umasowa. Ndaonapo anthu akugulitsa ampu yabwinobwino poganiza kuti ndi yofooka, vuto lili pa batani limodzi limeneli.

Mitengo sindilemba, chifukwa imasintha mwezi usanathe. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chimatsatira dola. Chofunika ndi kawerengedwe kake: mtengo wogulira, thiransipoti, msonkho wa paboda, sitabilaiza, ndi ndalama imene mudzapereke kwa mmisiri. Muwerengerenso kuti Fender, Ampeg, Hartke kapena Peavey mukafuna kugulitsa wogula apezeka, pomwe yopanda dzina ikafa yafa.

Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, pitani ndi besi yanu ndi waya wanu. Ampu isanayatsidwe, ngati sefa yakutsogolo ikuchoka, kankhani pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati. Likamakhuta kapena kukhwekhwereza, koyilo inapsapo. Nunkhizani kumbuyo, fungo la kupserera silibisika. Yatsani, potokolani batani lililonse, gwedezani jaki. Kenako yimbani nsambo yaikulu mokweza kwa mphindi 15 kapena 20, chifukwa matenda ena amaoneka ampu ikatentha. Wogulitsa akamafulumira kuzimitsa, funsani chifukwa. Pemphani kuona sipika ya mkati, popeza mabokosi ambiri a mayina akuluakulu ali ndi masipika a m'galimoto omwe anaikidwamo yeniyeni itafa. Ngati pali mita yoyezera, sipika ya ma ohm 8 imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Zikwangwani za mayina zimagulitsidwanso pazokha, choncho chitsulo cholembedwa dzina lotchuka si umboni.

Mabokosi okhomedwa ndi akalipentala athu musawanyoze. Sipika yabwino ya besi m'bokosi la pulayiwudi wa mamilimita 18, lomatidwa ndi guluu, lokhala ndi zogwiriziza mkati, lokula motsatira zimene opanga sipikayo analemba, limayimba bwino zedi, ndipo ndalama yotsalayo imagula mutu wabwino. Limene limavuta ndi lokhomedwa mongoyerekeza, bowo lake loboola pofuna kukongoletsa.

Kutchalitchi kwathu, ampu ya timagetsi tabuluu ija sitinaitaye. Ikugwira ntchito ya zolengeza ndi ya ana a Sande sukulu, ndipo pamenepo ikukwana. Patatha chaka tinamva za bandi ina ya ku Bvumbwe imene inkagulitsa zida, ndipo ine ndi mkulu wa mpingo yemwe uja tinapita limodzi. Tinapeza Peavey TNT yakale, nsalu yake itang'ambika pakona, chogwirira atamanga ndi waya. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, zoona tipereke ndalama za mpingo pa chimenechi?" Ndinawapempha kuti akaime panja, kuseri kwa nyumba, ine n'kugunda E. Anabwerera akugwedeza mutu, n'kuyamba kukambirana mtengo. Mmisiri wa ku Limbe anatsuka mabatani n'kusintha makapasita awiri. Amainyamula ndi anyamata awiri, imakhala pa benchi yakeyake kutali ndi kona, batani la Bass lili pansi pa theka. Amayi a benchi yakumbuyo aja tsopano amandiuza ndikalakwitsa noti.